Zala Ziwiri

Lachiwiri, mvula ya ku Doncaster
yosadziwa kugwa, yosadziwa kukata,
ndinalowa m'nyumba ya makina ochapira
n'kupeza yunifolomu yanga ili pansi,
yonyowa, chidindo cha nsapato pakolala.
Mayi wa tsitsi lofiira anali atalongamo kale zake,
akutafuna chingamu, osandicheukira n'komwe.

Ndinafunsa kamodzi. Ndinafunsa kawiri.
Kachitatu linafunsa ndi botolo la sopo
limene ndinalikweza m'mwamba ngati mpini.
Sindinamugende nalo, Mulungu ndi mboni,
ndinalibwezera pansi. Koma zala ziwiri izi,
cha mkombaphala ndi chinzake chachitalichi,
zinapita zokha pachifuwa pake:
choka apa.
Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Basi.
Ngakhale batani silinaduke.

Kwathu ku Ndirande anthu akanaleretsa,
wina akanaseka, mawa lake n'kubwerekana mchere.
Kuno kamera ya pakona inapenya zonse,
ndipo kamera ilibe mlamu.

Kupolisi anandivula lamba ndi zingwe za nsapato.
Loya wa ulere, mnyamata wachimfine, dzina lake Pritchard,
anajambula zitseko ziwiri kuseri kwa envulopu.
Ichi, akuti, ndi chitseko cha mantha:
munthu akaona dzanja likubwera, mtima n'kuti phwii,
mlandu wabadwa kale,
ngakhale dzanjalo libwerere m'thumba.
Ichi ndi chitseko cha kukhudza:
khungu la mwini ndi mpanda,
ukalowa osaodira, kaya ndi chala,
kaya ndi malovu, kaya ndi madzi a m'kapu,
walowa basi.
Inu mayi mwadutsa pa zitseko zonse ziwiri
m'masekondi asanu ndi anayi.

Ndinati magazi ali kuti? Chotupa chili kuti?
Nanga yunifolomu yanga ilibe mlandu wake?
Iye anamina kaye.
Anati lamulo silidikira magazi.

Vomerani, sainani chenjezo, mukagone kwanu.
Mukakana ndi kwa majisitireti, tsiku lake sitilidziwa.
Anawonjezanso zina zokhudza ntchito, ndikukumbuka milomo ikuyenda,
koma mutu wanga unali pa shifiti ya m'mawa
ndi basi yomaliza.
Ndinasaina.
Ndinkayesa chenjezo ndi mawu a pakamwa,
amanenedwa, mphepo n'kutenga.
Kuno chenjezo lili ndi miyendo.

Linandipeza patatha milungu isanu
mu ofesi ya abwana, pafupi ndi mphika wa maluwa apulasitiki.
Pepala la mbiri yanga lili patebulo:
Zione Kachingwe,
ndipo kunsi kwake mzere umodzi wokha.
Khalani kaye kunyumba, akuti, tiunike.
Mlandu suola, tinkatero kwathu,
sindinkadziwa kuti kuno amausunga mufiriji.

Manja omwewa.
Ameta ndevu za bambo Ackroyd a m'chipinda chachisanu ndi chimodzi
zaka ziwiri, osawacheka ndi kamodzi komwe.
Awatembenuza usiku kuti msana usachite zilonda,
awatola nyenyeswa za bisiketi pachibwano.
Zimenezo palibe kamera inasunga.

Viza yanga inamangidwa pantchitoyo ngati mbuzi pachikhomo.
Achimwene akuimba foni, akufunsa za feteleza.
Ndikuti netiweki ikuvuta.

Tsopano m'basi ndimapinda manja m'khwapa.
Chikwama changa chikakhudza bondo la munthu
ndimapepesa katatu, mpaka iye kudabwa.
Dzulo ndinamuona mayi uja m'sitolo
akusankha zitini za chakudya cha mphaka,
magalasi ali pamphuno, akuwerenga mitengo ngati ine ndemwe.
Ndinatembenuza ngolo yanga, osagula mafuta.

Mnzanga Tayanjana wanditumizira uthenga usiku uno:
a Ackroyd akukana kumetedwa,
akufunsa kuti wa manja otentha uja wapita kuti.
Ndawerenga kawiri.
Ndayala zala patebulo, zonse khumi,
ndikuyang'ana ziwiri zija.
Sizikusiyana ndi zinzake.